Kumbuyo kwa Mfumu Salakwa

M'dziko la Zilibwino nyengo siinkasintha. Lamulo lake linalipo, ndipo linkawerengedwa pa wailesi m'mawa uliwonse mauthenga a maliro asanayambe: nyengo ya dziko lino ili m'manja mwa Mfumu Salakwa Wachiwiri, ndipo siingasinthe popanda kudzapempha chilolezo ku likulu la Tavomera. Poti panalibe tsiku limene nyengo inabwera kudzagwada pabwalo kupempha chilolezocho, ndiye kuti siinasinthe.

Zoti mvula yobzalira, imene kale inkagwa ana asanatsekere sukulu, tsopano inkafika anthu atadya kale Khirisimasi, a boma ankati ndi ulemu, mvula ikudikira kuti Mfumu iyambe yalankhula. Zoti ikabwera inkakhuthuka yonse tsiku limodzi, ankati ndi kuwolowa manja kwa Mfumu. Kutentha kumene kunkafewetsa phula mumsewu ankakutcha chikondi cha Mfumu pa anthu ake. Pamsika wa Pirirani, amayi ogulitsa tomato ankapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje n'kumauzana kuti, "Lero ndiye atikonda zedi."

Chaka china kunamveka kuti mayiko ozungulira akonza mpikisano wa makanema aafupi ochenjeza anthu za kusintha kwa nyengo. Kanema aliyense asapitirire mphindi imodzi, ndipo wopambana adzalandira chikho pamaso pa mafumu anzake. Mfumu Salakwa inali ndi zikho zambiri m'nyumba mwake, koma zonse inachita kudzipatsa yokha. Chochokera kunja inalibe. Inaitanitsa nduna zake tsiku lomwelo.

"Mphindi imodzi," inatero Mfumu, ikusisita ndevu. "Kodi mayina anga aulemu okha amatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Tikafulumira kwambiri, Mfumu yathu, amatha tiyi atazizira," anayankha mlembi wa bwalo.

Vuto lachiwiri linali lalikulu kuposa limeneli, ndipo nduna zinkaopa kulitchula: dziko limene nyengo yake siisintha lingachenjeze bwanji anthu za kusintha kwa nyengo? Zinangoyang'ana nsapato zawo, mpaka a Sailesi Mkwapatira anadzuka. Iwowa anali Nduna ya Nyengo, Mitambo ndi Mitengo. Mitengo ankaikonda kwambiri moti sankalola munthu wina aliyense kuidula. Malole onse otsika ndi matabwa ndi makala kuchokera ku Phiri la Nkhalango anali awo, ndipo anagwira ntchito mwakhama kotero kuti anthu analisintha dzina phirilo n'kumalitcha Dazi.

"Mfumu yathu," anatero a Mkwapatira, "ife sitikachenjeza munthu. Tikaonetsa anzathuwa mmene nyengo imakhalira ikakhala ndi mwini wake. Inu mubzale mtengo umodzi, akujambuleni. Anthu akunja akaona munthu wamkulu akubzala mtengo amagwetsa misozi."

Bwalo linawomba m'manja mpaka Mfumu inakweza chala.

Kunatsala kupeza wojambula. Ojambula a kunyumba ya Mfumu ankadziwa kuyatsa kamera koma kuzimitsa sankadziwa, chifukwa kuzimitsa kamera Mfumu ili pakati polankhula unali mlandu. Wina amene batire linamuthera pa mwambo wotsegulira chimbudzi cha pa depoti anatumizidwa kumalire kukajambula ng'ona. Choncho anafufuza munthu wozolowera zinthu zazifupi, ndipo anamupeza pamsika wa Pirirani.

Dzina lake anali Dolika, koma pamsika onse ankamuitana kuti Nangondo. Ankajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo luso lake linali kudula mwambo wa tsiku lathunthu n'kutsala kachidutswa kokoma kotumizirana pa foni, kopanda malangizo aatali a ankhoswe. Sanali munthu wa zandale. Chimene ankafuna pamoyo ndi chakuti akwatibwi azifika nthawi yabwino dzuwa lisanapendeke.

Koma anali ndi chinthu chimene chinkamusowetsa mtendere. Mlongo wake wamkulu, Yelemiya, amene ankameta anthu pamsika pomwepo, ankakhala ndi mkazi wake ndi ana m'dera la Tsikulina, kunsi kwa mtsinje. Pakati pa nyumba za m'deralo ndi madzi panali khoma lalitali ladothi, lotchedwa Khoma la Salakwa. Chiyambire kumetedwa kwa phiri, mtsinje unadzaza mchenga, madzi n'kumayenda pamwamba, ndipo khomalo linachita mng'alu woti mwana n'kulowetsamo mwendo. Nangondo anakadandaulapo ku ofesi ya a Mkwapatira, anamuuza kuti abwere tsiku lina. Kusamuka nakonso kunali koletsedwa. Khoma lotchedwa dzina la Mfumu silingagumuke, ndiye wolithawa ndiye kuti akunyoza Mfumu. Mphunzitsi wina amene anasamutsa mipando yake anagona m'chitokosi pa mlandu wokayikira khoma.

Atamutengera kwa a Mkwapatira, Nangondo anagwada pakhomo.

"Mayi, mwachita mwayi," inatero nduna. "Mujambula Mfumu ikubzala mtengo. Tasankha kapinga wa kuseri kwa nyumba yachifumu, amathiriridwa kawiri patsiku."

Pambuyo pake Nangondo ankanena kuti mawu anangotuluka okha.

"Bwana, pepani, kapinga amadya kuwala, nkhope ya Mfumu idzaoneka yobiriwira. Bwanji pamwamba pa Khoma la Salakwa? Ndi pokwera, anthu akunja adzaona Mfumu itaima pa ntchito ya manja ake."

A Mkwapatira anaikonda kwambiri mfundoyo moti anakaipereka kwa Mfumu ngati yawo.

Madzulo ake Nangondo anakapeza Yelemiya akusesa tsitsi m'kachipinda kake kometera.

"Chemwali, ukufuna chiyani pa khoma paja?" anafunsa Yelemiya, osakweza mutu.

"Ndikukajambula Mfumu, achimwene."

"Ndimakudziwa iwe. Ukajambule nkhope basi. Ng'ona za kumalire zili kale ndi wozijambula."

"Nanga alamu ndi ana, mvula ikabwera?"

"Ikabwera tidzaona. Amene amagona m'chitokosi sameta munthu."

Tsiku lojambula, apolisi anaimitsa malole onse a nduna kuphiri kuyambira m'mawa kuti fumbi lisadetse chisoti cha Mfumu. Mbande ya mtengo inachita kuitanitsidwa kudziko loyandikana nalo, popeza nazale ya boma anaisandutsa malo oimikapo malole. Anayala kapeti pamwamba pa khoma, kwaya inaimba, dzuwa linakwera, Mfumu osafika. Litapendeka, madalaivala kuphiri kuja anaganiza kuti mwambo unatha kalekale, analiza injini. Nthawi yomweyo ndi imene Mfumu inatulukira.

Inabzala mbandeyo koyamba, koma inati khasu linabisa mphete yake. Anaizula. Inabzala kachiwiri, koma nduna ina inayetsemula. Anaizulanso. Pofika ulendo umene Mfumu inakhutira, mbande inali itaweramitsa mutu, moti munthu wina anagona pansi kunja kwa chithunzi n'kumaigwirizira ndi kawaya.

Nangondo anasunthira kamera yake m'mbuyo pang'ono, kenako m'mbuyonso.

"Mukupita kuti, mayi?" anafunsa a Mkwapatira.

"Kuti Mfumu ioneke yonse, bwana, kuyambira chisoti mpaka nsapato."

Mfumu inali itauzidwa kuti ili ndi mpata wa mawu ochepa chabe, chinthu chimene chinali chisanaichitikirepo. Inakwirira mbande, inawongoka, inatambasula mkono osacheuka, n'kunena ndi mawu amphamvu:

"Anthu anga, zonse mukuziona apazi ndi ntchito ya manja anga. Mbadwo ukubwerawo udzandikumbukira."

Kanemayo anaonetsedwa koyamba pabwalo la nduna. Ku Zilibwino kunali mwambo wakale wakuti Mfumu ikakhalapo, maso a munthu sachoka pankhope yake. Nduna zinali zitauzolowera mwambowu kotero kuti ngakhale pa kanema zinangoyang'ana nkhope. Mfumu nayo inkayang'ana nkhope yomweyo, ndipo inaikonda. Inalamula kuti amubwereze.

Ulendo wachiwiriwo, diso la a Mkwapatira linaterereka pang'ono. Anaona phiri lopanda mtengo kuseri kwa phewa lamanja la Mfumu. Anaona malole odzaza makala akutsika mondondozana, pambali pake palembedwa zilembo zazikulu: Mkwapatira ndi Ana Ake. Anaona mtsinje wodzaza mchenga, ndi mng'alu wa khoma pansi penipeni pa nsapato ya Mfumu, madzi akuchucha, mayi wina akutsukirapo mbale. Koma kuti anene zimene aonazo, anayenera kuvomera kuti anachotsa maso pankhope ya Mfumu.

"A Mkwapatira, mwatuluka thukuta," inatero Mfumu. "Mukuti bwanji?"

"Wandikhudza mtima, Mfumu yathu," inayankha nduna.

Kanemayo anatumizidwa ku mpikisano. Ndipo pofuna kuti anthu a m'dziko asamanidwe madalitso, kunatuluka lamulo lakuti foni iliyonse ikhale ndi kanema wa Mfumu, ndipo azionetsedwa pamsika uliwonse masana onse. Apolisi ankaimitsa minibasi n'kumayang'ana m'mafoni. Palibe uthenga umene unayendapo mofulumira chotero m'dzikomo, ngakhale wa katemera.

Pamsika wa Pirirani anapachika wailesi ya kanema pakhonde la Yelemiya, poti ndi pamene panali magetsi. Anthu a pamsika nkhope ya Mfumu anali ataiona mokwanira. Inali pa zitenje, pa makope a ana, ngakhale pa mapaketi a machesi. Choncho maso awo anapita kukapuma kumbuyo.

Anayamba ndi a Nasoko, mayi wa tomato wa pakamwa posachedwa.

"Tabwezani pang'ono. Uyo akutsuka mbaleyo si mpongozi wanga? Nanga madziwo akuwatunga pati, poti pamenepo palibe mpopi?"

"Akutuluka m'khoma," wina anayankha motsitsa mawu.

"Ayi, khoma la Mfumu silidontha," anatero a Nasoko, akuyang'ana wapolisi amene anaima chapafupi. "Likutuluka thukuta. Chikondi chachuluka."

Aliyense wa iwo ankadziwapo kachidutswa kake. Wa makala ankadziwa za phiri, wosodza ankadziwa za mchenga, wa ku Tsikulina ankadziwa za mng'alu, ndipo mlimi aliyense ankadziwa kuti mvula yasiya khalidwe lake lakale. Koma panalibe amene anaziona zonsezo zitaima pamzere umodzi, kuchokera pamwamba pa phiri kutsetsereka mpaka pa malata a nyumba zawo. Kanemayo anali wamfupi, ndiye munthu ankamuonera akudikira chenji, n'kumuoneranso, n'kuitana mnzake. Anthu amene sakanakhala pansi kumvera msonkhano wa tsiku lonse wa zanyengo anayamba kukangana okha za mvula, mitengo ndi mtsinje, onse akuloza kanema wa Mfumu, monga mwa lamulo.

Yelemiya ankameta anthu atafulatira kanemayo. Tsiku lachitatu anamuona m'galasi lake lometera. Anaimitsa makina.

"Denga ilo ndi langa," anatero. "Lili ndi tayala pamwambalo."

Denga la tayalalo linali loyamba pansi pa mng'alu.

Sabata yomweyo apolisi anadabwa kuona anthu a ku Tsikulina akukwera Phiri la Dazi, atasenza makasu, mbande za mango ndi za mthethe zokumba m'makomo, komanso mapoto, nkhuku ndi matiresi.

"Mukusamuka?" anafunsa mkulu wa apolisi pa mlatho. "Mukukayikira khoma?"

"Ife? Ayi, bwana," anayankha a Nasoko, mtolo uli pamutu. "Taona Mfumu yathu ikubzala mtengo, ndiye mtima watiwawa kuti ikugwira ntchito yokha. Tikukathandiza."

"Nanga matiresiwo?"

"Mbande imafuna kuigonera pafupi, bwana. Mbuzi zachuluka."

Wapolisiyo anaimbira akuluakulu ake. Akuluakuluwo anafunsa a Mkwapatira, eni malowo. A Mkwapatira anasanthula malamulo onse, koma sanapeze loletsa munthu kutsanzira Mfumu. Anthu anakwera, anamanga zisakasa, ndipo mitengo anabzaladi, popeza anali atanena kale.

Mkazi wa Yelemiya anakwera ndi ana. Yelemiya anatsala. Ankati akulondera malata, ndipo mumtima ankaopabe chitokosi. Anatsalanso ena angapo, pakati pawo a Bonifasi, telala wachikulire amene ankati wailesi ya boma siingaulutse bodza m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi munthu osaigwira.

Mvula inabwera Lachisanu masana, itachedwa monga mwa chizolowezi chake chatsopano. Inayamba ngati ikuseka, kenako kumwamba kunang'ambika. Nangondo anali kuphiri ndi alamu ake. Ataona mtsinje wasanduka wofiira ndipo ukunyambita mutu wa khoma, anavula nsapato n'kuthamangira kumunsi, alamu akumukuwira kuti abwerere.

Anamupeza Yelemiya ali padenga, akusanjika miyala pa malata.

"Achimwene, tsikani!"

"Ndatsala pang'ono!"

"Madzi afika kale kwa a Bonifasi! Mukufuna ana anu adzakuoneni pa kanema basi?"

Yelemiya anayang'ana kukhoma. Mng'alu uja unali utasanduka khomo, dothi likusungunuka m'mbali mwake ngati shuga m'tiyi. Anadumpha. Anathamanga awiriwo atagwirana manja, madzi ali m'maondo, kenako m'chiuno, mpaka amuna a kuphiri anawaponyera chingwe cha pachitsime. Atangofika pouma anamva kumbuyo kwawo phokoso lotsika, losafanana ndi bingu. Khoma la Salakwa linagona pansi, ndipo mtsinje unalowa mu Tsikulina osaodira.

Nyumba zinapita. A Bonifasi anakapezeka patapita masiku, kutali kumunsi, m'munda wa nzimbe. Anaikidwa kuphiri komweko, ndipo pamaliropo panalibe amene anaseka za wailesi. Anthu ankayang'ana chigwa chodzaza matope n'kumayang'ana ana awo.

Wailesi inalengeza kuti khoma lapumula litatumikira mokhulupirika.

Nkhani yabwino inafika mwezi womwewo: Zilibwino yapambana mpikisano. Oweruza anati sanaonepo mtsogoleri wolimba mtima chotere, woima pamaso pa dziko lonse, kuloza phiri lometedwa, mtsinje wokwiririka ndi khoma long'ambika, n'kuvomera yekha kuti ndi ntchito ya manja ake. Mlembi wa bwalo anawerenga mawuwa mokweza, ndipo mawu ake ankachepa akamayandikira kumapeto.

"Phiri liti?" inafunsa Mfumu. "Muyatseni kanemayo."

Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chikhalire pampando, Mfumu Salakwa inaona zimene zinali kumbuyo kwake. Inaonera mphindi yonse osaphethira. Nduna zinayang'ana nkhope yake, ndipo ulendo uno zinali ndi chifukwa.

Chikho inakalandira, poti chikho sichibwezedwa. A Mkwapatira analangidwa koopsa: anachotsedwa pa unduna wa Mitengo n'kuikidwa kukhala Nduna ya Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi, ndipo malole awo anapatsidwa ntchito yonyamula thandizo la anthu ovutika. Nangondo anaitanidwa kubwalo. Anapita atatsanzika kwa mlongo wake ngati sabwerera. Koma munthu amene wabweretsa chikho samangidwa alendo akunja akuona, choncho anamuthokoza, n'kumuuza kuti kamera yake tsopano ndi chuma cha fuko, ikasungidwa m'nyumba ya mbiri yakale. Anatuluka chimanjamanja, osadziwa kuti ukwati wa Loweruka akaujambula ndi chiyani.

Kenako kunatuluka lamulo latsopano. Kulikonse kumene Mfumu ikupita, amuna anayi azinyamula chinsalu chachikulu chobiriwira kumbuyo kwake, chojambulidwa mitengo, mathithi ndi mbalame. Anakhazikitsa ndi unduna wake womwe, wa Kumbuyo kwa Mfumu.

Ulendo woyamba wa chinsalucho unali wa ku Dazi, kukapepesa anthu. Mfumu inaima pamphepete pa phiri itafulatira chigwa, nsalu itatambasuka bwino, Tsikulina yense atabisika kuseri kwa mathithi opaka utoto. Anthu anakhala pansi pakati pa mbande zawo.

"Anthu anga, mukuona chiyani kumbuyo kwangaku?"

"Nkhalango, Mfumu yathu!" anayankha onse pamodzi.

"Ndiye mukudandaula chiyani?"

A Nasoko anakweza mkono. "Sitikudandaula, Mfumu yathu. Timangoti mukathana nayo nkhalangoyo mutibwereke. Ana akugona pamtetete, ndipo ikuoneka kuti siidontha."

Mfumu isanayankhe, dontho lalikulu linagwa pa chisoti. Linagwa lina, kenako mvula inayamba, ya mwezi umene kale sikunkagwa mvula. Ambulera anali ataiwalika m'galimoto kumunsi. Nduna yatsopano ya Kumbuyo kwa Mfumu inasokonezeka, inakuwa kuti, "Fundani Mfumu! Fundani Mfumu!" Amuna anayi aja anatsitsa chinsalu n'kuiphimba Mfumu kumutu mpaka kumapazi.

Chigwa chonse chinaonekera: matope, zipupa zogumuka, malata opindika, ndi mpata waukulu pamene panali khoma. Patsogolo pake panaima mulu wa nsalu yobiriwira, ukulankhulabe m'kati.

Nangondo anaika manja pamiyendo, poti kamera analibe. Koma kumanja kwake Yelemiya anali atatulutsa foni, kumanzere a Nasoko anatulutsa yawo pa mfundo ya chitenje, ndipo mafoni anapitirira kutuluka phiri lonse, aliyense ataitchinjiriza ndi dzanja kuti isanyowe.

Wina anamugwira paphewa. Atacheuka anaona mkulu wa apolisi uja wa pa mlatho, madzi akuyenderera pachipewa chake. Wapolisiyo anawerama, anayang'ana uku ndi uku, n'kumuonetsa foni imene anaibisa m'khwapa.

"Mayi," ananong'ona, "nyumba yachitatu kuchokera pa mlathopo inali ya mayi anga. Pa foni iyi, podina kuti iyambe kujambula ndi pati?"